Kasamalidwe ka lead screw ya makina a lathe kuti isadyeke msanga

Kutsogolo kwa makina a lathe, amene amasema chitsulo chikuzungulira, m'munsi pang'ono mwa njanji zimene carriage (chonyamula mpeni wodulira) imayendapo, mumadutsa chitsulo chachitali chokhala ndi mazinga kuyambira ku bokosi la magiya mpaka kumapeto kwa makinawo. Chitsulo chimenechi ndicho lead screw, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuyendetsa carriage pa mlingo wogwirizana ndi kuzungulira kwa chuck (chogwira chitsulo chimene chikusemedwa) pamene mmisiri akudula mazinga pa bawuti, pa shafiti kapena m'kati mwa nati. Kadulidwe kameneka kanakhazikika ku London cha m'ma 1800 pa makina a mmisiri Henry Maudslay, ndipo mpaka lero lathe yoyendetsedwa ndi manja imadalira njira yomweyo. Mazinga alionse amene lathe imadula amatengera a lead screw, kotero kuti ikadyeka, cholakwika chake chimasamukira pa chinthu chilichonse chimene mwapanga, ndipo palibe luso la manja limene lingachibise. Makina akakhala akale, monga mmene alili ambiri m'mashopu athu ang'onoang'ono, lead screw yatsopano imafuna kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo nthawi zina kampani imene inapanga makinawo imakhala kuti inasiya kale kupanga zipangizo zake.

Kuti muiteteze bwino, muyenera kudziwa chimene chimaidya. Mazinga ake ndi aakulu ndiponso aphwatalala pamwamba: a mtundu wa Acme, a madigiri 29, pa makina oyezedwa m'mainchi, kapena a trapezoidal, a madigiri 30, pa makina oyezedwa m'mamilimita. Kuseri kwa apron, mbali ya kutsogolo kwa carriage imene ili ndi mahandulo, kuli nati yogawika pakati, ma half nut, amene amaluma mazingawo mukatsitsa handulo. Kawirikawiri ma half nut amapangidwa ndi bronze kapena cast iron n'cholinga chakuti azitha msanga kuposa lead screw, popeza kuwasintha n'kotsika mtengo. Vuto ndi lakuti chitsulo chofewa chimameza tinyenyeswa tolimba. Kachidutswa ka chitsulo kapena kamchenga kakapanikizika pakati pa nati ndi mazinga, kamalowerera m'natimo n'kukhazikika, ndipo kuyambira pamenepo nati imene inayenera kudyeka ndiyo imayamba kupala lead screw nthawi iliyonse imene carriage ikudutsa.

Kudyekako sikuchitika mofanana kutalika konse. Ntchito zambiri zimagwiridwa pafupi ndi chuck, ndipo n'komwenso zinyenyeswa zimagwera, motero chigawo chachifupi cha kufupi ndi headstock (mutu wa makina, kumene kuli chuck) ndicho chimatha pamene cha ku tailstock (kumapeto kwina kwa makina) chikadali pafupifupi chatsopano. Kusiyana kumeneku ndiko kumawononga ntchito, chifukwa mazinga ataliatali amene mukudula amasintha mpata wake pamene carriage ikuchoka pa chigawo chabwino n'kulowa pa chodyeka.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa makina anu

Makina aakulu a m'mafakitale, monga ambiri a kampani ya Colchester, ali ndi zitsulo ziwiri zosiyana: lead screw yodulira mazinga, ndi feed rod yosalala yoyendetsera carriage pa ntchito wamba. Pa makina otere lamulo ndi losavuta. Handulo ya pa bokosi la magiya izikhala ku feed rod nthawi zonse, lead screw izizungulira pokhapokha pamene mukudula mazinga, ndipo musamagwiritse ntchito ma half nut posalaza shafiti pongofuna kufulumira. Lead screw imene yaima siikokera zinyenyeswa m'kati mwa apron.

Makina ena, monga South Bend ya mainchi 9 ya mtundu wa Model A, ali ndi chitsulo chimodzi chokha, koma chinagobedwa kanjira kutalika kwake konse, ndipo kiyi woyenda m'kanjirako ndiye amazunguza magiya a mu apron pa ntchito wamba, mazinga osakhudzidwa. Kanjira kameneka kamasunga zinyenyeswa ndi kuzitengera ku ma half nut, choncho kamafuna kutsukidwa mofanana ndi mazinga enieniwo.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi makina opanda njira ina, amene carriage yake imayenda yokha pokhapokha ma half nut ataluma. Myford ML7 ya ku England, imene inayamba kupangidwa mu 1946 ndipo lead screw yake ili ndi mazinga 8 pa inchi, ili m'gulu limeneli, pamodzi ndi timakina ting'onoting'ono ta ku China monga ta Sieg, timene mazinga ake ndi ang'ono kwambiri, 16 pa inchi kapena a mpata wa mamilimita 1.5. Ngati makina anu ndi otere, pokhapa chitsulo poyamba ndi podula zinthu zazifupi yendetsani carriage ndi gudumu la pa apron, ndipo lead screw muisungire kudula komaliza kosalaza ndi kudula mazinga. Pamene simukuigwiritsa ntchito, ikani handulo ya tumbler, yosinthira kumene lead screw imazungulirira, pakati kuti isazungulire, zimene zimachepetsanso phokoso ndi kutha kwa magiya a kumbuyo.

Kutsuka ndi kuthira oyilo

Musanadule mazinga, tsukani lead screw kaye, ngakhale ioneke yoyera. Zimitsani makina, masulani ma half nut, kenaka chotsani zinyenyeswa zikuluzikulu ndi bulashi ya penti kapena mswachi wakale woviika m'palafini. Musazichotse ndi zala, chifukwa zopotana zazitali zimacheka ngati zikokedwa. Bulashi siifika pansi penipeni pa mazinga, pamene litsiro lakuda losakanikirana ndi oyilo wakale limamatirira n'kuuma, ndipo apa m'pamene chingwe chimathandiza.

Tengani chingwe cha thonje chokula mokwanira kudzaza mpata wa mazinga, chotalika pafupifupi theka la mita, n'kuchinyowetsa ndi palafini. Chikoletseni kuseri kwa lead screw kuti chigone m'mzera umodzi wa mazinga, ndipo nsonga zake ziwiri muzigwire ndi nsonga za zala, imodzi dzanja lili lonse, mukukokera pang'ono kwa inu. Lead screw ikamazungulira, chingwecho chimayenda chokha motsatira mazinga, ndipo mudzaona chikuda bii, tinyenyeswa tonyezimira tikutuluka n'kumagwera m'thireyi. Chikada, sunthirani pa chigawo choyera n'kubwereza mpaka chizituluka chopanda litsiro, kenaka sunthani carriage kuti mufike pamene inaphimba. Ngati makina anu ali ndi gudumu lozunguzira lead screw ndi dzanja, monga Myford Super 7, pemphani mnzanu azizunguza makina ali ozimitsa, chifukwa njira imeneyi ilibe ngozi. Ngati muyenera kuyatsa mota, sankhani liwiro lotsikitsitsa, onetsetsani kuti pa chuck palibe chimene chingafwanthuke, pindani manja a malaya, ndipo musamavale magolovesi. Chingwecho musachikulunge m'zala ngakhale kamodzi, kapena kuchizunguliza kawiri pa lead screw. Chikakodwa, chisiyeni chipite, chifukwa mphamvu imene imakoka carriage yolemera siingaimitsidwe ndi chala.

Litsiro likakana, likoloweni ndi kamtengo kolimba kosongola kapena kachidutswa ka mkuwa, osati sikuludiraiva kapena bulashi ya waya wachitsulo. Mpweya wa kompuresa nawo ndi woyenera kuupewa. Umayeretsa pamene maso akuona, koma zinyenyeswa zija umaziponyera kuseri kwa apron, m'ma half nut ndi pansi pa carriage, malo amene simungawafike popanda kumasula makina.

Mukatsuka, thirani oyilo, osati girisi. Amisiri ambiri amakhulupirira girisi chifukwa sayoyoka msanga, koma pa chitsulo chimene chili pambalambanda iye ndiye amagwira kanyenyeswa kalikonse kamene kagwa, n'kusanduka phala lopala ngati mchenga wokwechera mapoto. Oyilo woyenera ndi wa njanji za makina wa mlingo wa ISO 68, amene amamatirira pang'ono pa chitsulo koma amatsukika mosavuta, ndipo akasowa, oyilo wa hydraulic woyera amagwira ntchito bola muzithira pafupipafupi. Oyilo wakuda wotsitsidwa mu injini ya galimoto, ngakhale amapezeka mwaulere pa galaja iliyonse, amabwera ndi mwaye ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso, choncho asayandikire lead screw. Madontho ochepa kutalika kwa chigawo chimene mugwiritse ntchito ndi okwanira, ndipo musaiwale timabowo ta oyilo ta pa ma bearing a mbali zonse ziwiri, makamaka ka kumapeto kwa tailstock kamene kamaiwalika chifukwa kali kutali ndi pamene mmisiri amaima. M'nyengo ya mvula kaoyilo kameneka kamateteza ku dzimbiri. M'miyezi ya fumbi, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, oyilo yemweyo amakola fumbi, motero makina akakhala masiku osagwira ntchito, pukutani wakaleyo n'kuthira watsopano musanayambe.

Pali ntchito zina zimene zimawononga kwambiri kuposa zinzake. Chitsulo wamba chimatulutsa zopotana zazikulu zimene zimaoneka ndi kuchotseka mosavuta, koma cast iron, monga ya ma brake drum ndi mapule a chigayo, imatulutsa fumbi lakuda losalala limene limalowa paliponse, ndipo khungu la chinthu chongoumbidwa kumene limakhalanso ndi mchenga wa m'chikombole. Sandipepa wosalazira shafiti ndi mwala wa grinder zimayoyola timiyala tolimba kuposa lead screw yeniyeniyo. Pa ntchito zoterezi imitsani lead screw, phimbani njanji ndi lead screw ndi pepala kapena katoni, ndipo mukamaliza lipindeni mosamala litsiro lili m'kati n'kukalitaya. Sanza si yoyenera kuphimbira pafupi ndi chinthu chozungulira, popeza pepala likakodwa limangong'ambika pamene nsalu imakulungika n'kukoka chilichonse chimene ili nacho pafupi. M'mashopu mmene lathe imakhala chipinda chimodzi ndi wowotcherera zitsulo, fumbi la grinder ya m'manja limafika pa makina ngakhale ali patali, choncho phimbani lathe yonse pamene ena akupala zowotcherera.

Zophimba

Chophimba chosavuta, chimenenso ndimaona kuti chimapindulitsa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake, ndi kalata kopindidwa komangirira kumanzere kwa apron, kamene kamayenda limodzi ndi carriage n'kumaphimba lead screw m'munsi mwa pamene mpeni ukudula. Makina a Myford amabwera nako kuchokera ku fakitale, ndipo pa makina ena mungathe kukapanga nokha ndi lata yokhuthala pang'ono kapena aluminiyamu. Dulani kachidutswa kotalika masentimita 15 mpaka 20, kapindeni kuti kaphimbe pamwamba ndi kutsogolo, pansi pakhale potseguka kuti chimene chalowa chizigwa, ndipo pamwamba pakhale popendeka kuti zinyenyeswa zizitsetsereka. Musanaboole malo a mabawuti, yendetsani carriage ndi dzanja mpaka kumapeto kumanzere kuti muone ngati kalatako sikagunda bokosi la magiya, chifukwa kakagunda carriage ikuyenda yokha, kamapindikira m'mazinga. Siyaninso mpata wokwanira pakati pa lata ndi lead screw, ndipo palani m'mbali mwake kuti musadzicheke. Paipi ya pulasitiki yong'ambidwa pakati imakopa chifukwa ndi yosavuta kudula, koma zinyenyeswa zimene zasanduka zabuluu zimakhala zitatentha pafupifupi madigiri 300, ndipo zimamira m'pulasitiki n'kukhazikika momwemo. Labala ya chubu cha galimoto nayo imafufuma ndi kufewa ikakhala mu oyilo nthawi yaitali.

Chophimba chogula chimene chimatseka mbali zonse ndi sipuling'i ya lamba wachitsulo wopyapyala, wokulungidwa mwakuti mizere yake imalowana carriage ikayandikira ndi kutambasuka ikatalikira. Pamafunika ziwiri, ina kumanzere ndi ina kumanja kwa apron, ndipo ubwino wake wina ndi wakuti zovala sizingakodwe mu lead screw. Musanaitanitse, yezani kukula kwa lead screw, mtunda wonse umene carriage imayenda, ndi mpata umene ulipo pakati pa lead screw ndi thupi la makina. Chofunika kwambiri kuchiganizira ndi kutalika kwa sipuling'iyo ikafinyika kotheratu, popeza malo amenewo carriage sidzafikanso. Pa makina aatali zimenezi sizidetsa nkhawa, koma pa kamakina kakang'ono mungapeze kuti mpeni sukufikanso pafupi ndi faceplate kapena collet, zogwirira chitsulo zimene zimalowa m'malo mwa chuck. Poika, muyenera kumasula chogwirizira cha kumapeto kwa lead screw ndi kupanga timphete tokhalira nsonga za sipuling'i, ntchito imene lathe yomweyo ingagwire. Mbali yaikulu ya sipuling'i iloze kumene zinyenyeswa zimachokera, kuti zizitsetsereka pamwamba pa mizere m'malo molowa m'mipata yake. Sipuling'i imabwera yomangidwa, ndipo musaimasule isanakhale m'malo mwake, chifukwa imafwamphuka mwamphamvu ndipo m'mbali mwake ndi mwakuthwa.

Zophimba za nsalu yolimba kapena labala zopindikapindika zimatseka fumbi bwino kuposa sipuling'i, koma zinyenyeswa zotentha zimaziboola.

Choopsa cha chophimba chilichonse chotseka kotheratu ndi chakuti chimabisa. Fumbi la cast iron ndi madzi oziziritsa mpeni zimalowabe pang'onopang'ono, ndipo mmisiri amene sakuionanso lead screw amasiya kuitsuka ndi kuithira oyilo, mpaka tsiku limene adzatsegule n'kupeza dzimbiri ndi matope. Mukaika chophimba chotere, muzichikankhira kumbali nthawi ndi nthawi kuti muone za m'kati. Pa timakina ting'onoting'ono onaninso kuseri kwa apron, kumene magiya a gudumu loyendetsera carriage amakhala poyera. Kalata kopyapyala kotseka malowo kamathetsa kulimba kwa gudumu kumene kumabwera zinyenyeswa zikalowa m'mano a magiya.

Kagwiridwe ka handulo ya ma half nut nakonso kamatalikitsa kapena kufupikitsa moyo wa mazinga. Itsitseni molimba mtima mpaka pansi pa nthawi yoyenera, chifukwa nati yoluma theka imasenzetsa katundu yense nsonga za mazinga, ndipo ikakana kulowa musaikakamize kapena kuimenya ndi chikhatho. Ma half nut amayenda m'kanjira kokhala ndi gib (kachitsulo kochepetsa kugwedera) ndi timabawuti tosinthira. Timeneti tikamasuka, nati imapendama n'kumadya mbali imodzi, motero timangeni mpaka handulo iziyenda mosalala koma mosagwedera. Kagiya ka thread dial (kachipangizo kosonyeza nthawi yotsitsa handulo) kamene kamakhudza lead screw kachotseni pa mazinga pamene simukudula. Podula mazinga a mamilimita pa lead screw ya mainchi, pogwiritsa ntchito giya ya mano 127, ma half nut satsegulidwa mpaka ntchito itatha ndipo carriage imabwezedwa pobweza mota, choncho nati imayenda ulendo wopita ndi wobwerera pa chigawo chomwecho kambirimbiri. Ntchito imeneyi ndiyo imafuna kutsuka kotheratu musanayambe.

Kuwonongeka kwina kumadza kamodzin'kamodzi. Makina ambiri ali ndi kapini kofewa, kawirikawiri ka mkuwa, kolumikiza lead screw ku bokosi la magiya, kamene kanapangidwa kuti kathyoke carriage ikagunda chinthu. Kakathyoka, fufuzani chimene chachititsa, kenaka ikani kena ka chitsulo chofewa chomwecho ndiponso kukula komweko. Msomali kapena bawuti yolimba imaloleza ntchito kupitirira tsikulo, koma ngozi yotsatira imathera pa mano a magiya, pa ma half nut kapena pa lead screw. Ponyamula makina ndi lamba kapena tcheni, ikani matabwa pakati pa lambayo ndi thupi la makina kuti asafinye lead screw ndi feed rod, ndipo onyamula asagwire pamenepo pokankha. Lead screw yopindika imazindikirika mosavuta: ikamazungulira imavina pakati, ndipo imakankha apron uku ndi uku.

Kuyeza mmene yadyekera

Zimitsani makina, ikani dial indicator (choyezera cha singano ngati wotchi) pa njanji nsonga yake itakhudza carriage, tsitsani ma half nut, kenaka kankhani carriage kumanzere ndi kumanja n'kulemba mtunda umene singano yayenda. Chitani zimenezi pafupi ndi headstock, pakati, ndi kumapeto kwa tailstock. Mpata umene mwaupeza ku tailstock, kumene mazinga sanagwire ntchito kwenikweni, umasonyeza kutha kwa ma half nut pamodzi ndi kuseweraseweza kwa lead screw yonse m'ma bearing ake, pamene kusiyana kwa pakati pa muyezo umenewu ndi wa ku headstock ndiko kudyeka kwa lead screw yeniyeniyo. Popanda chipangizo choyezera, yerekezani ndi maso: mazinga abwino ali ndi nsonga zaphwatalala zotakata, odyeka amaonda n'kuyamba kuthwa.

Kusewera kwa lead screw m'ma bearing kumayezedwa poika nsonga ya dial indicator kumapeto kwake n'kukankha carriage monga poyamba. Pa makina ambiri kumachepetsedwa ndi nati kapena kolala ya kumapetoko, ndipo muimange mpaka kusewerako kutatsala pang'ono kutheratu koma lead screw ikuzungulirabe mofewa ndi dzanja. Singano ikamapita uku ndi uku kamodzi pa kuzungulira kulikonse, nkhope za kolala kapena mawashala ake zadyeka mopendama, ndipo mazinga amene mudule adzatuluka okhotakhota ngakhale lead screw ili bwino. Kukonza zimenezi n'kotsika mtengo, choncho yambirani pamenepo.

Mpata wofanana kutalika konse suwononga mazinga, chifukwa podula nati imatsamira mbali imodzi yokha, bola muziyambira patali pang'ono ndi ntchito kuti mpatawo uyambe watha mpeni usanakhudze chitsulo. Ma half nut akatha mpaka kumadumpha, asintheni msanga asanawononge nsonga za mazinga. Ngati lead screw yadyeka pafupi ndi headstock pokha, pa makina ena n'zotheka kuitembenuza kuti mbali ya ku tailstock ibwere kutsogolo, ngakhale zimafuna kusema nsonga zake kuti zikwane malo atsopano. Njira ina ndi kugula chitsulo cha mazinga a Acme kapena trapezoidal cha kukula, mpata ndi kolowera kwa mazinga (kumanja kapena kumanzere) kofanana ndi chakale n'kusema nsonga zake pa lathe ina, pokumbukira kuti zitsulo zotchipa za mtunduwu sizikhala zolondola mofanana ndi lead screw ya ku fakitale. Mukaika ma half nut atsopano pa lead screw yakale, asinthireni ku mbali ya tailstock kumene mazinga ali athunthu, chifukwa mukawamanga kuti akwane bwino pa chigawo chodyeka, adzakakamira carriage ikadzafika pa chigawo chabwino.